Magetsi Akazima ku Chinamwali

Magetsi akazima ku Chinamwali
chigayo cha a Kalinde chimatseka pakamwa,
ndiye ife timatsegula pathu.

Palibe belu lotiitana tsopano.
Twaibu amafika pa njinga ya kabaza
thukuta la ku Matawale lisanaume kumsana;
Sigele amasiya msanga benchi yake ya tomato,
ndalama atamanga pansonga ya chitenje;
ine, makalata ofunsira ntchito m'thumba,
opindapinda mpaka dzina langa lafufutika.

Tinalipo makumi atatu ku Fomu Folo,
mayunifomu osita, a Chikopa kutsogolo
akugwedeza choko ngati akuingitsa ntchentche.
Mayeso anatipeta. Mphepo inaulutsira ena
ku Lilongwe, ena kubanja.
Tatsala asanu ndi awiri
pa matumba a madeya a eni ake.

Wotipatsa kiyi palibe.
Sigele amangong'ung'uza, ife n'kugwirapo
monga anthu owoloka Likangala atadzaza,
aliyense dzanja paphewa la mnzake.

Besi inapita ku Joni ndi Lonjezo.
Pamene ankalowera iye timasiyapo dala mpata,
kamphindi kopanda mawu,
Twaibu n'kuyang'ana kudenga.
Sabata yatha anatumiza mawu pafoni,
akuyimbira m'bafa, motsitsa, kuopa abwana.
Tinaika foniyo pasikelo, pakati pathu,
batire itatsala pang'ono kutha.
Ankachedwa ndi theka la mpweya. Tinkamudikira.

Mayi anga amati, kodi nyimbo amadya?
Sindiyankha. Pamaliro a a Chikopa
tinayimba mpaka phiri linatibwezera mawu,
anatipatsa thobwa ndi ya minibasi,
ndipo mayi omwewo ndinawaona
akupukuta m'maso ndi mpango, ati fumbi.

Lero, tili pakati pa ndime yachiwiri,
babu yaphethira.
Ana panja akuwa: Ayakaaa!
A Kalinde adina batani,
lamba wayamba kuzungulira,
azimayi akukankhana ndi malichero pakhomo.

Sitikumvananso.
Koma palibe watseka pakamwa.
Ndikuwerenga milomo ya Sigele,
phazi la Twaibu likusinja simenti,
ufa ukutera pansidze zathu
ngati tikukalambira pomwepa,
ndipo pofika pampata wa Lonjezo
tonse asanu ndi awiri
tapuma limodzi.