Gawo Lachisanu

Ndimasesa holo ya kanema ya pafupi ndi doko
kuno ku Valparaíso, kumene nyumba zimaberekana pazitunda
ngati ana olimbirana kuona ndewu.
Lachiwiri tikiti imatsika mtengo,
ndiye tsiku limene a Eliseo Quilodrán amabwera
atakolowekana mkono ndi mdzukulu wawo, Maite,
wophunzira zamalamulo, wosadziwa kugonja pamtsutso.

Usiku uja anatsalira m'mbuyo,
ine ndikukokolola mbuliwuli kunsi kwa mipando.

"Agogo, ndalama zathu zalowa m'madzi.
Gawo lachisanu! Munthu yemweyo, malaya omwewo,
mawondo okha ndiwo akalamba.
M'gawo lachitatu tinamuika m'manda ife tikupenya,
mvula ikugwa, mkazi wake ali m'zakuda.
Lero wadzuka, ati anangokomoka,
walumpha m'sitima yoyaka, wagwera panjinga yamoto
imene wina anaisiya ikulira, makiyi ali pomwepo.
Zipolopolo mbwee, osamukhudza n'chimodzi chomwe.
Kodi adani akewo amaombera atatsinzina?"

Ndinaseka mpaka tsache kundipulumuka.
Sabata ino ndaionera kasanu ndi kawiri, chiimire pakhomo,
ndipo njinga imeneyo nanenso imandikwana.

"Bola tikanalowa holo yapambaliyo," anapitiriza,
"kuja kuli filimu ya anthu oganiza:
nduna yobisa chikalata, mtolankhani wosaona tulo,
lamya zokhala ndi khutu lachitatu,
galimoto yakuda yoima tsidya la msewu, nyali zitathima.
Kulibe chophulika,
koma mtima umakwera mpaka pakhosi."

A Eliseo anamanga mabatani a jekete,
kuphonya limodzi, kumasula, kuyambiranso.

"Iwonso amanama," anatero,
"kuposa wanjingayo.
Galimotoyo sinali yakuda.
Inali yobiriwira, chitseko chimodzi chamtundu wina,
ndipo sinabwere usiku.
Unali m'mawa, buledi ali patebulo.
Munthuyo anapukuta nsapato pakhomo,
anapempha madzi akumwa kwa amayi, nathokoza.
Kunalibe nyimbo yotichenjeza.
Anati Amaro akangoyankha mafunso awiri,
abwera chakudya chamasana chisanazizire."

Maite anayang'ana zala zake.
Ine ndinasesa pamalo pamene ndinali nditasesa kale.

"Mafilimu akowo, pomaliza chikalata chimatuluka m'nyuzipepala,
nduna imavala unyolo,
oonera n'kudzuka, aliyense ulendo kwawo.
Ine chikalata ndachidikira mpaka mano kutha m'kamwa.
Ndiye undisiye ndi chitsiru changa chamawondo ouma,
chimene amachikwirira chaka chino,
chaka chamawa n'kugogoda pakhomo,
kachilonda kamodzi pachipumi basi,
n'kufunsa ngati mwasungako chakudya."

Kunja, sitima ina inalira padoko,
kulira kwa ng'ombe yosochera m'chifunga.
Palibe anayankhula.
Makina a mbuliwuli anali tetete, kuzizira okha.

Kenaka mkuluyo anatembenukira kwa ine,
maso akuseka, ngakhale anali onyowa:
"Mwanawe, akuti kubwera lachisanu n'chimodzi?"
Ndinati chithunzi chake chafika kale,
chili chikulungire muofesi,
ulendo uno nkhondo yake ili pachipale chofewa.

"Pachipale!" anatero Maite. "Ndi mawondo amenewo?"
Koma mawu ake anali atatha minga.

"Lachiwiri," anatero a Eliseo. "Mbuliwuli ugula ndiwe.
Komatu tisanamizane,
pa onsewa labwino linali gawo lachiwiri,
lija lagalu."

"Lija lagalu," Maite anavomera,
"ngakhale galuyonso sakanapulumuka pamlatho paja."

Anatuluka akukanganabe za galuyo,
kukwera makwerero aatali opita kuzitunda,
mkulu kupuma pa khumi alionse,
mtsikana kunamizira kumanga chingwe cha nsapato.

Ndinathimitsa magetsi, mzere ndi mzere.
Ine ndimakonda gawo lachinayi,
lija amamenyana m'khitchini ndi mapoto,
koma palibe anandifunsa.