Nyumba Yopanda Puloti

Landilodi atazula chitseko changa ku Mtandire
mwezi wachitatu wa ngongole,
ndinazindikira kuti dothi lonse la mu Lilongwe lili ndi mwini,
koma madzi palibe amene anawalembera chikalata.

Ndinagula migolo isanu ndi iwiri ku Mchesi,
ndinkaiwotcherera usiku, magetsi akakumbuka kubwera.
Chinatuluka ndi chinthu chachitali,
chowonda ngati thumba la mu Januwale:
m'lifupi mphasa imodzi,
m'litali mapazi makumi atatu.
Anyamata a kabaza anafa nako kuseka,
ati bokosi la maliro a nsato.
Ndinachipaka utoto wobiriwira
n'kulemba m'mbali mwake: LENDI YATHA.

Muno chilichonse chili ndi msomali wake,
kapu, sefa, tochi, yunifomu ya Tilinao.
Mbaula imakhala kutsogolo pa chitsulo cha geti yakale.
Nasiwelo ndi ine timapatukirana chammbali,
mimba kukhudza msana,
ndiye mkangano sukhalitsa.
Ungamunyanyalire bwanji munthu
amene uyenera kumugwira m'chiuno kuti ukatenge mchere?

Febuluwale, Lingadzi atafiira ngati njerwa,
tinamasula chingwe.
Ndinakankha ndi nsungwi, madzi anachita zotsalazo.
Tinayenda limodzi ndi mabotolo, majumbo, patapata wa mwana,
zonse zimene mzinda umataya usiku n'kuziiwala.
Pansi pa mlatho minibasi zinkagunda pamutu pathu,
makondakitala akuitanira Kanengo, Kanengo,
osadziwa kuti pansipa pakudutsa khomo la munthu,
tiyi ali pamoto.

Mzinda ukauonera kumsana ndi wina.
Mipanda ya njerwa imathera m'mabango,
mapaipi amalavula osachita manyazi,
ng'azi imawothera dzuwa kuseri kwa nyumba za mabwana.
Pa mathithi awiri tinatsika tonse,
okumba mchenga anatithandiza kukoka,
malipiro awo chinangwa chootcha ndi nthabwala.

Kumene Lingadzi amapereka moni kwa Lilongwe
tinakhotera kumtunda, thukuta kamukamu masiku anayi,
mpaka pa timilatho tamitengo ta kwa Tsoka.
Wotolera ndalama, Kadzakumanja, anakanda mutu:
"Wodutsa pamwamba mtengo wake ndimaudziwa,
nanga wodutsa pansi?"
Amayi otsuka nsapato za kaunjika anamuyankhira:
"Asiyeni, awa ndi anansi a achule."

Tsiku lina kunabwera wa kukhonsolo ndi buku la malisiti.
Puloti nambala?
Ndinati lero ndi pano, pa mkuyu uwu,
mawa mukafunse kwa madzi.
Anayang'ana fomu yake, kutsogolo ndi kumbuyo,
sanapeze mzere wolembapo zimenezo.
Anamwa tiyi, napita.

Musaganize kuti n'zokoma zokhazokha.
Udzudzu wa muno sudziwa neti.
Dzimbiri limadya pansi mwakachetechete ngati katapira.
Tilinao analira kusukulu atamufunsa kumene amakhala,
anzake akumutcha mwana wa m'botolo.
Usiku umenewo sindinagone,
ndinkangopopa madzi ndi chitini cha mafuta
ngakhale munalibe madzi oti n'kupopa.

Tsopano ndi Okutobala.
Mtsinje watsala kamkodzo pakati pa miyala,
ndipo nyumba yathu yakhala pamchenga kumunsi kwa Kawale
ngati ng'ombe yokana goli.
Nasiwelo wadzala mpiru m'mabeseni padenga.
Mbuzi zimabwera kudzadzikanda pa dzina la bwato.
Odutsa amati, mwaona, mwakhazikika ngati ife tomwe.

Sindiwayankha.
Madzulo ndimayang'ana chakumwera, ku Dzalanyama,
kumene mitambo yayamba kuunjikana ngati matumba a makala.
Madzi a kumeneko amafika kuno mvula isanagwe.
Adzabwera usiku, osagogoda.
Woyamba kudziwa adzakhala kapu ya pamsomali ija:
idzayamba ngo, ngo, ngo pa chitsulo,
Nasiwelo adzandigwedeza phewa,
ndipo ine mumdimamo ndidzafufuza mfundo ya chingwe.