Mizere Itatu

Ndine mlembi wa komiti ya ku Chibavi kuno,
osati chifukwa cha nzeru ayi,
cholembera ndinali nacho ndekha tsiku la masankho.

Fomu yopemphera thandizo inabwera ya masamba khumi ndi anayi.
Inafunsa: Vuto lanu ndi lotani?
Ndinasuzumira pawindo:
phiri la zinyalala kuseri kwa chigayo,
matewera, majumbo, mabatire otupa,
utsi wosazima ngakhale pa Sabata,
madzi akuda akutsetserekera kudambo
kumene ana athu amagwira mbululu.
Mizere yoyankhapo anatipatsa itatu yokha.
Ndinalemba kuti: Tikutsokomola.

Inafunsanso: Opindula ndi angati?
Tinayenda khomo ndi khomo, ine ndi Fumbani Chirambo,
mvula yowaza ya Epulo ikutilowa m'khosi.
NyaLongwe anagwira pamimba pake,
nati, muwerenge ndi uyu yemwe.
Tinamuwerenga.

Kenaka zii.
Miyezi isanu ndi iwiri, zii.
Pakiyosiki ya madzi amandilonjera mokweza:
Alembi, mwanenepatu, zija zinabwera eti?
Ndinkaseka nawo,
koma usiku ndinkawerenga misomali ya malata.

Ndalama zitafika, kwacha inali itagwa chagada.
Mabenchi khumi a pabajeti anasanduka anayi,
mpanda wa waya unasanduka nsungwi,
mawilibala awiri, ina ya tayala lotsimphina.

Tinakumba ndithu.
Nthaka inatilavulira zonse tinaimwetsa zaka makumi awiri:
nsapato imodzi ya mwana, chigaza cha wailesi,
ndi sipuni imene Fumbani analumbira
kuti ndi ya malemu amayi ake.
Anaitsuka, naiika m'thumba la malaya, osayankhulanso tsiku lonse.

Tinabzala mibawa, mapeyala, magwafa,
ndi kapinga wopempha kwa mlonda wa pabwalo la mpira.
Mbuzi za a Nyirongo zinadya mbande makumi atatu usiku umodzi.
Mlandu unatha ndi matumba asanu a manyowa.
Zimene zinadya, zinabweza.

Tsopano m'mamawa,
nkhungu isanachoke pamalata,
akabaza akupuma nthunzi pamsewu wa ku Luwinga,
bambo anga amatuluka.
A ku chipatala cha Mapale anawauza kuti magazi akuthamanga,
achepetse mchere, ayambe kuyenda.
Ayende kuti? M'fumbi la malole?
Lero amazungulira bwalo lathu kasanu,
atavala jekete ya ku Chikangawa,
munthu amene anagwetsa paini moyo wake wonse.
Ndawaona akuwerama pa kambawa kopindika,
akukamangirira kuchikhomo ndi chingwe cha nsapato yawo,
akukanong'oneza m'Chitumbuka zimene ine sanandiuzepo.

Dzulo yabwera fomu ina, ya lipoti.
Akufuna malisiti onse.
Mbuzi sizilemba lisiti.
Akufuna chithunzi cha anthu ali pamthunzi,
koma mitengo ikadali kutilekeza m'chiuno,
mthunzi wake ungokwanira nkhuku ndi anapiye awiri.
Akufuna zotsatira zoyezeka.
Ndiyeze ndi chiyani amayi anayi
amene amakhala pabenchi la pakona madzulo,
mmodzi akulira, atatu akusenda nandolo,
mpaka wolirayo nayenso atatenga mbale?

Ndipo uja tinamuwerenga asanabadwe,
Sangwani dzina lake,
wayamba dededede pakapinga.
Lero wagwa chafufumimba,
amayi ake athamanga, amutambasula zikhatho
kufunafuna galasi monga tinazolowera.
Apezamo udzu wonyowa ndi nyerere imodzi.

Mizere ndi itatu yomwe ija.
Woyamba ndalemba: Chifuwa chachepa.
Wachiwiri: Tikupemphanso mabenchi asanu ndi limodzi aja.
Wachitatu ndausiya.
Fumbani akuti atibwezera fomu ikapita choncho.
Aibweze.
Mbawa sithamanga,
ndidzayankha ikandipitirira msinkhu.