Inki Imauma ku El Alto

M'mawa uno inki yaumanso m'chitini.
Ndaiika pafupi ndi chitofu cha palafini
ngati mwana wobadwa masiku asanakwane,
ndikudikira kuti ifewe.
Kunja oitanira minibasi akukuwa za ku Ceja,
phiri la Illimani lafunda zoyera zake,
silikudziwa kuti tili ndi ngongole ya magetsi.

Makina athu ndi nkhalamba ya ku Jeremani.
Anafika bambo anga asanamere imvi.
Amatsokomola katatu asanagwire ntchito,
lamba wake tinalumikiza ndi waya wa njinga.

Zaka zonsezi mabuku ankabwera m'makatoni,
mphatso za abale a kutsidya kwa nyanja,
Mulungu awadalitse, sindikunyoza ayi.
Koma pachikuto panali ana atsitsi lagolide
akupemphera patebulo lodzaza,
ndipo mayi anga ankatsegula, kuona zithunzi,
n'kuchirikizira nalo mwendo wa bedi.

Kenaka kunabwera Mbusa Hilarión Tarqui
wa ku Achacachi, nkhwaira zamatayala kuphazi,
makope asanu ndi awiri a ana asukulu
atakulungidwa m'nsalu ya mkazi wake.
Zonse za pensulo, zonse m'Chiaimara:
maulaliki a zaka makumi atatu,
mapemphero oikira maliro a makanda,
ndi mutu wina wautali wonena za chisanu
chimene chimapsereza mbatata usiku umodzi,
ndi zimene mlimi angamuuze Mulungu
kukacha.
Anati, "Sindidziwa ngati izi ndi buku."
Ndinawerenga chiimirire mpaka miyendo inachita dzanzi.

Mlendo wa bungwe atafika, akupuma mobanika
poti mpweya wa kuno ndi wopyapyala,
tinampatsa tiyi wa masamba a koka.
Anafunsa makatoni angati chaka chino.
Ndinati, musatumize mabuku.
Tumizani mapepala oyera, opanda mawu,
mawu tili nawo.
Ndipo mumulipirire sukulu Remedios, mwana wa mchemwali wanga,
aphunzire kukonza zolemba za ena
osawazula lilime m'kamwa.
Amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa;
ameneyu tinachita kumunolera.
Analemba m'kabuku kake, osalonjeza kanthu.
Patatha miyezi isanu ndi inayi mapepala anafika,
theka la amene tinapempha.
Tinawanunkhiza tonse atatu, ngati buledi.

Tinasindikiza mazana atatu.
Patsamba 41 mzere umodzi unagona chadodolido.
Remedios analira usiku wonse.
Mbusa anaseka mpaka chipewa chinagwa:
"Asiyeni atembenuze bukulo,
adziwe kuti panadutsa manja a munthu."

Lachinayi timayala pamsika waukulu,
pakati pa wogulitsa mabatire akale a galimoto
ndi mayi wa mbatata zouma.
Buku limodzi, mtengo wa mbale ziwiri za supu.
Ena amanenerera. Ambiri amaligwira n'kulibweza.
Sabata yatha mayi wina wachipewa chozungulira,
wosadziwa chilembo ngakhale chimodzi,
anauza mdzukulu wake kuti awerenge pomwepo.
Mwanayo anayamba mojejema,
anthu akuwakankha uku ndi uku,
mpaka anafika pa chisanu chija.
Mayiyo anamugwira mkono.
"Ameneyu analimapo," anatero.
Anamasula mfundo ya mpango wake ndi mano,
n'kuwerenga makobili mmodzimmodzi.
Anaperewera awiri. Ndinayang'ana kumbali.

Atsala makumi asanu ndi limodzi pansi pa tebulo.
Ngongole ya magetsi ikadalipo.
Koma dzulo namwino wina wa ku Viacha
wasiya makope awiri pakhomo,
akuti ndi za odwala amene anawatseka maso,
ndipo Remedios wanola kale pensulo yofiira.

Inki yafewa.
Ndapaka, ndakoka chitsulo.
Nkhalamba yatsokomola kamodzi,
kawiri,
ndaima ndi pepala loyera m'manja
kudikira kachitatu.