Sikelo ya ku Todos Santos

Bambo anga ankatsitsa khofi pa nyulu,
maola anayi kuchokera kumtunda kwa Todos Santos,
kukakumana ndi venda wa galimoto yofiira
amene sikelo yake inkayamba yadya
isanatchule kulemera kwa thumba.
Ankabwerako ndi mchere, makandulo awiri,
ndi pakamwa potseka masiku atatu.

Lero thumba langa lili ndi nambala.
Eulalia, mlembi wa kopaletivi,
amanyowetsa pensulo ndi malovu,
n'kundionetsa muvi wa sikelo
mpaka nditagwedeza mutu ndekha.

Sikuti tonse timamwerana madzi, ayi.
Pamsonkhano Anacleto amalankhula mpaka miyendo kuchita dzanzi,
ndipo tinakangana miyezi iwiri
za amene anathyola chogwirira cha makina osendera.
Koma chaka chimene chiwawu chinayoyola masamba,
mitengo n'kutsala ngati nthiti za galu,
nazale ya tonse inandipatsa mbande mazana atatu
pa ngongole yodikira zipatso.
Venda sanaoneke chaka chimenecho.

Akuti khofi wathu amakamwedwa kutsidya kwa nyanja
m'timakapu tonga chigoba cha dzira.
Kaya. Sindinafikeko.
Chimene ndikudziwa ndi malipiro achiwiri,
obwera mu Juni, mvula ili mkati,
chimanga chitatsala chakumbuyo kwa thumba.
Fermín ndinamugulira nsapato,
ndinakhoma malata atatu pamene pankadontha.

M'chilimwe ndimatembenuza khofi pabwalo loyanikira,
manja akununkha makoko owola.
Nyulu ya bambo inafa kalekale.
Njira ndi yomwe ija, yoterera, yamiyala,
koma tsopano timatsika anthu khumi ndi awiri.