Buluu wa M'kabichi

Kalata ya aphunzitsi inabwera Lachinayi,
itakwinyika m'thumba la jekete ya Gvantsa:
Lolemba mwana aliyense abwere ndi utoto, guluu ndi burashi.
Malipiro anga a kudepoti ya mabasi ya Kutaisi
anali akadali m'njira, akuyenda cham'mbali ngati nkhanu.

Ndiye Loweruka ndinavala epuloni ya amayi awo,
zingwe zake zosakumana kumsana kwanga,
n'kuuza ana kuti lero khitchini ndi fakitale.

Guluu sanavute.
Ufa wa tirigu, madzi ozizira, kamchere kuti asasase msanga,
kutakasa pamoto wochepa mpaka supuni ilemere.
Tsotne, wa zaka zinayi, anaviikamo chala, nalawa,
nati buledi uyu ndi wosapsa.

Makoko a anyezi anatipatsa chikasu.
Bitiruti anakhetsa kufiira kwake konse m'poto
mpaka manja athu ngati tachokera kosenda nkhumba.
Makungu a mtedza wa mumtengo,
amene Mayi Tsisana a chipinda chapansi amaunjika pakhonde,
anatulutsa bulauni wosachoka m'zikhadabo.
Wakuda tinapala m'chitofu.
Burashi ndi nsonga ya tsitsi la Gvantsa, mwini atavomera,
yomangidwa ndi ulusi pa kanthambi kouma ka mpesa.

Tizivundikiro tinayi ta mabotolo a jamu
titandandalika pawindo, kunja chipale chofewa chikuwaza.
Ndinkadikira kuomberedwa m'manja.
Gvantsa anangoti, nanga buluu?

Ndinati jambula zosafuna buluu.
Ng'ombe. Dzuwa. Galu wa pasiteji.
Anati chikhoti cha amayi n'chabuluu,
chija anavala pokwera ndege ya ku Italiya,
mwaiwala kale?

Ndinatsika masitepe ndi epuloni yomweyo.
Mayi Tsisana, amene anathera unyamata wawo
akunyika nsalu m'fakitale inatsekedwa kalekale,
anandiseka kaye mpaka kutsokomola.
Kabichi wofiira, iwe. Uwiritse, usefe,
uthiremo soda wa pansonga ya mpeni.
Koma udziwiretu, sakhalitsa.

Koyamba ndinachulutsa soda,
tinapeza madzi a m'chithaphwi.
Kachiwiri dzanja linaumira,
ndipo m'kapu ya tiyi, atatufe titawerama, mitu itagundana,
madzi ofiirira aja anatembenuka pang'onopang'ono
ngati munthu amene waitanidwa dzina ali kutali.
Tsotne anabisa manja kumbuyo.

Nyumba inanunkha kabichi mpaka Lachiwiri.

Lamulungu usiku Khatuna anaimba,
akunong'ona poopa kudzutsa nkhalamba ya eni ake
imene amaisambitsa ndi kuidyetsa ku Bari.
Gvantsa anakweza pepala patsogolo pa foni:
mzimayi wa miyendo ngati mapolo a magetsi,
manja otambasuka mpaka kuthera kunja kwa pepala,
chikhoti chisanaumenso.
Utoto wokongola chonchi mwagula kuti?
Ndinatsegula pakamwa kuti ndiname.
Tsotne anandidula: taphika!
Khatuna anaseka ataphimba pakamwa,
kenako foni inaloza kudenga kwa kanthawi ndithu.

Mayi Tsisana sananame.
Pasanathe sabata ziwiri chikhoti chinayamba kutuwa,
nyerere zinapeza guluu wa m'mphepete n'kuitanana.
Malipiro atafika ndinagula bokosi la kusitolo,
mitundu khumi ndi iwiri, abuluu awiri.
Lili m'dirowa, pulasitiki yake sinang'ambidwe.

Loweruka lililonse Gvantsa amandituma kabichi kumsika.
Amayeza soda yekha tsopano, lilime lili panja,
n'kudzozanso chikhoti chomwecho papepala lomwelo.
Pepala lafufuma, lakhakhala ngati khungwa,
pamapewa pakuonekera kuwala.
Ndamuuza kuti lidzabooka.
Akuti likabooka tidzamata lina kumbuyo,
ufa ulipo.