Mpata wa Pakati pa Mbale

Lachitatu tcheni chinagwanso
pa khona lija la msewu wokwera ku Belén,
pamene malole a mbatata amatsokomolera utsi.
Ndinadina chala, ndikufuna mbale yaing'ono,
miyendo inangopalasa mphepo.
Ndinagwa cham'mbali ngati thumba la anyezi,
nsapato zikadali zokola m'mapedulo.

Usiku utatu ndinakhala nayo m'khonde, ku Duitama kuno,
tochi kukamwa, zala zitauma ndi chisanu.
Tisikuluwu tiwiri tija ndinatipotoza
kumanja, kumanzere, kumanjanso,
mpaka ndinaiwala pamene ndinayambira.
Waya ndinamukunga, akulira ngati wa gitala.
Ndinamumasula pang'ono.
Njinga ili m'malere, giya ikulowa mwaulemu,
koma ndikangoikwera, khwee, khwee, gwa!

Briceida Camargo sanandipatse moni.
Anaipachika pa mbedza, nazunguza pedulo ndi chala chimodzi,
khutu lili pafupi, ngati namwino pa chifuwa cha mwana.
Anayeza kachitsulo kokankha tcheni:
kaima bwino, mpata wake wokwana ndalama yachitsulo.
Anayang'ana felemu ngati inapindika. Ayi.
Kenaka anapukuta girisi pa mkono wa pedulo,
pamalo pamene penti inaperepeseka ndi chidendene,
n'kundiyang'ana.

Izi wazitenga kuti, Duván?

Ndinati za bambo.
Anapalasa nazo zaka khumi ndi zinayi,
mkaka m'mawa, mipikisano Lamlungu.
Ndinazimasula ndekha pa njinga yawo
patapita mwezi titawaika.

Sanapepese. Anatenga chopimira,
nachilowetsa pakati pa mbale ziwirizo.
Taona, anatero.
Izi anazisula nthawi ya magiya asanu ndi anayi,
tcheni chili chonenepa.
Chako ndi cha khumi ndi imodzi, chowonda ngati ulusi.
Chikachoka pa mbale yaikulu sichipeza mano a inzake,
chimangoyenda pamwamba pawo, osaluma.
Ungapotoze tisikuluwu mpaka Khirisimasi.

Ndinafunsa kuti kusiyanako n'kochuluka bwanji.
Anandionetsa chikhadabo chake chakuda.
Kuchepera apa.

Ndiye kachikhadabo basi
pakati pa ine ndi Hermógenes Rincón,
amene sankadziwa kuwerenga mamilimita
koma ankamva phiri lisanafike,
n'kufewetsa phazi, n'kusintha, osayang'ana pansi.

Ndinakakamira. Tisinthe tcheni.
Anati chonenepa sichikwana kumbuyo.
Tisinthe zakumbuyo.
Anati ndiye usinthenso zodinira ku handulo,
ukamaliza udzakhala wamanga njinga ya bambo ako
pa mtengo wa ng'ombe ziwiri.
Mvula inayamba pa malata.
Mwana wake ankalemba masamu pa bokosi la machubu,
wailesi ikukangana za mtengo wa feteleza.

Anatsitsa zina pa msomali,
zakuda, zopepuka, za mnyamata wina amene anasiya
atapeza ntchito ku fakitale ya simenti ku Nobsa.
Ubweze ukatha mpikisano, anatero,
ndipo usandibweretsere zili ndi matope.

Za bambo anazikulunga m'nyuzipepala.
Ndinaziika m'jekete, mano akundibaya m'nthiti
njira yonse mpaka kunyumba.

Lamlungu pa khona lomwe lija ndinadina.
Tcheni chinatsika, chinaluma, zii.
Ndinachita kuyang'ana pansi kuti nditsimikize.
Ndinamaliza wa nambala sikisitini,
kumbuyo kwa mwana wa kwa Paipa wa masokosi osiyana.

Amayi anafunsa ngati njinga yachira.
Ndinati yachira.
Nyuzipepala ija ili pamwamba pa kabati,
girisi waboola tsamba la zamasewera.
Sindinawauze kuti pa khona paja
phazi langa linafewa lokha, tcheni chisanapemphe,
ndipo kwa kamphindi ndinadikira
phokoso limene silinabwere.